Ngamila ya anthu asanu ndi awiri

Amayi, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji?

Ndine Hawa, ndikulemba ndili m'kachipinda kanga kuseri kwa khitchini, kuno ku Al Waab, m'dziko la Aluya. Nkhani ikundiyabwa pakamwa, koma ndiyambe ndi zakumudzi, paja munkadana ndi munthu wolowa m'nyumba asanapereke moni.

Mariamu, mkazi wa achimwene, anachira, mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Achimwene akuti mphuno ndi yanu yeniyeni, kulira kwake nakonso. Nandolo anabereka bwino chaka chino. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, koma analikhomanso mvula isanabwere.

Tsopano zanga. Digiri yanga ya zamalonda ija, imene munaithera mbuzi zanu pamsika wa Ntaja, kuno yakhala ikutsuka mbale ndi kusambitsa ana a eni. Zinkandiwawa, Amayi. Masiku ena ndinkafuna kungoti khalasi, zakwana basi, ndilongedze.

Bwana wanga ali ndi kafamu kunja kwa mzinda kumene amaweta nyama zotchedwa alipaka. Ndikufotokozereni bwanji? Khosi la ngamila, ubweya wa nkhosa, maso ngati a mtsikana wa pa ukwati. Khola lake lili ndi makina oziziritsa abwino kuposa a m'chipinda changa, chifukwa dzuwa la kuno lingaziphe. Sazidya ayi, amazisunga kuti ana azisangalala nazo, ndipo iliyonse ili ndi dzina. Ndiye zaswana, khola lachepa, chakudya chikudula, bwana akufuna kugulitsako ana ake. Anapita kwa akampani otsatsa malonda, mtengo wa chikwangwani cha pamsewu umene anamuuza unkaposa nyama zogulitsazo. Nyuzipepala, akuwerenga ndani? Analipira kuti chithunzi chizituluka m'mafoni a anthu, ndalama inapita, woimba foni panalibe.

Ndinamumva akudandaula patebulo ine ndikuchotsa mbale, ndipo pakamwa panga mukupadziwa. Ndinati andipatse mwezi, ndipeza ogula popanda kulipira kampani iliyonse. Madamu ananditong'olera maso. Bwana anaseka, nati ndikakwanitsa andichotsa kukhitchini ndikagwire ku ofesi yake, koma ndikalephera ndisadzatsegulenso pakamwa anthu akudya.

Munkati, "Katundu wosaitanira amawolera m'dengu." Ndiye ndinaitanira. Lachisanu ndinajambula zithunzi n'kuziponya m'magulu onse apafoni amene ndilimo, kuyambira la Amalawi a kuno. Koma dzina loti alipaka akulidziwa ndani? Ndinangolemba kuti ngamila zazing'ono, zonenepa, mtengo wabwino. Ndi phuma langali, sindinaganize n'komwe kuti Idi ya Kurubani, yozinga nyama za nsembe ija, ili pakhomo.

Inu mukudziwa kuti ngamila imodzi imakwanira nsembe ya anthu asanu ndi awiri. Ndiye alonda ndi madalaivala a ku Umm Ghuwailina, akwathu okhaokha, anasonkherana mpaka kukwana asanu ndi awiri, n'kutulukira kufamu pa pikiapu, chingwe ndi mipeni zili kumbuyo. Wowatsogolera anali Che Jafali, aja a ku Nselema ankapikisana nanu pamsika. Anaizungulira alipaka imodzi, kuigwira pamsana kuti amve mafuta, kenako n'kundifunsa kuti linunda lili kuti, kapena ndalichotsa kuti ndigulitse padera? Nyama ija inawayang'ana bwinobwino, n'kuwalavulira malovu obiriwira pa mkanjo wawo woyera. Anzawo anafa ndi phwete, wina mpaka kukhala pansi pamchenga. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Bwana atamva za mipeni ija anasiya kundiyankha moni.

Koma mmodzi wa akwathu aja anali atajambula zonsezo pafoni. Madalaivala aja ndi amene amapititsa ana a mabwana awo kusukulu, ndiye ana anaiona vidiyo ija m'galimoto, n'kumati aibwereze. Alezi anzanga anayamba kuionetsa ana okana kudya. Ndipo mwana wa kuno, Amayi, akati ndikufuna, bambo ake alibe mtendere.

Apo ndiye ndinadzidzimuka. Chikwangwani chimene bwana ankafuna kugula chodula chija, ndife! Ife amene timaswera ndi ana awo, kuwadyetsa, kuwaperekeza. Ndinasiya manyazi. Ndinajambula timavidiyo tina, kamwana ka alipaka kakuyamwa, kena kakugudubuka pamchenga, n'kupempha anzanga a ku Al Hilal ndi konkuno kuti azionetsa. Kenako ndinamulimbira mtima bwana kuti atsegule famu Loweruka, mabanja adzaone mwaulere, iye angogula tiyi ndi zipatso za tende. Anavomera mokayika. Mashallah, magalimoto anafika mpaka kunja kwa geti! Ine ndili pakati, kufotokoza zimene zimadya, kuuza ana kuti asaime kutsogolo kwa pakamwa. Ana a alipaka onse ali ndi eni tsopano, ndipo ena alembetsa kale amene adakali m'mimba.

Dzulo bwana anandiitana pabalaza n'kundiuza ndikhale pampando. Pampando, Amayi, m'nyumba imene ndimakolopa. Kontirakiti akuisintha. Lamlungu ndikuyamba ku ofesi, paja kuno sabata ya ntchito imayamba tsiku limenelo. Nditatuluka ndinathamangira foni kuti ndikuimbireni, paja nambala yanu sindinaifute. Chala chili kale pa dzina lanu, m'pamene ndinakumbuka kuti munatisiya. Ndiye ndinakhala pansi n'kutenga pepala ili.

Ndikudziwa mukanati, "Iwe Hawa, mwendo wina ukhale kaye pansi, wina ndiye unyamule." Ndamva, koma zochepetsa liwiro sindikulonjezani, mungandigwire bodza. Chimene ndikulonjeza ndi ichi: tchuthi changa choyamba, inshallah, ndibwera ndekha kudzakonza sadaka yanu, ndipo ndidzauza mudzi wonse kuti mwana wa amayi ogulitsa mbuzi aja akugwira ntchito imene anaphunzira.

Ndimakukondani, ndipo kukupemphererani duwa sindiiwala.

Mwana wanu wa phuma,
Hawa