Mpando wa Pamaliro

Lachinayi, ku Kanini, Ndola. Tsiku lolemera.

Alamu anga a Tisa abweranso ndi mlandu uja, woti pamaliro a amuna anga ndinakhala pampando, osati pansi ndi azimayi anzanga. "Namfedwa pampando ngati bwana! Mulamu, pitani ku India makina a roboti akakuikeni bondo latsopano, muyambenso kugwada."

Ndawerenga zokwanira. Dokotala wa mafupa kuno ku Ndola anati makinawo amathandiza kudula fupa molunjika, koma bondo lodyeka ndi nyamakazi likasinthidwa, kugwada salonjeza, kaya ndi makina kaya ndi manja. Ndasankha manja ake, pafupi ndi manda a Aphiri anga. Iwo ankandinyamulira mpandowo kutchalitchi osachita manyazi.

Tsiku loika chiliza ndidzaunyamula ndekha mpaka kumandako, ndidzakhalepo. A Tisa adzaone.