Phokoso Lija la pa Chiliza Chanu

Amayi anga,

Kodi kumeneko mwaswera bwanji? Kuno ku Glasgow kwacha ndi kamvula kowaza, ndipo mpaka pano sikanakate. Nkhomaliro tadya kumene, koma kunja kwachita kale bii ngati dzuwa lalowa. Mwana wagona, mkamwini wanu ali ku ntchito ku chipatala, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuuzeni zimene zachitika chichokereni inu. Mukundidziwa, ine pakamwa m'polemera. Munkanena kuti, "Esinati, pakamwa salipira msonkho, lankhula." Lero ndilankhula, ngakhale ndi papepala.

Ndiyambe ndi zabwino. Pathupi paja munandisiya napo, ndinachira mu Febuluwale, patangopita milungu yochepa chikuikireni m'manda. Ndi mwana wamkazi. Tinamupatsa dzina lanu, koma dzinalo limandikanika kutchula. Ndani anaitanapo amake ndi dzina? Ndiye timangomuti Amayi. Akalira, bambo ake amati, "Fulumira, amayi ako akufuna bere." Mano awiri am'munsi atuluka, ndipo wayamba kukwawa chobwerera m'mbuyo. Mphumi ndi yanu yeniyeni, makamaka akakwiya. Gogo wina wachizungu wa m'nyumba ya pansi pathu anamulukira kachipewa ka ubweya. Gogoyo amalankhula mothamanga, ine sindimvapo kanthu, ndimangomwetulira n'kugwedeza mutu.

Za kumudzi ndimamvera pa foni kwa Tadala, mwana wa malume a Jailosi. Akuti chimanga cha m'munda wanu wa kudambo anakolola, koma sichinadzaze nkhokwe ngati mmene munkachitira inu. Mtedza ndiwo unachita bwino. Ananditumizirako nsinjiro kudzera kwa mayi wina wa ku tchalitchi kwathu kuno, ndipo ndimathira pang'onopang'ono kuti zisathe msanga. Mbuzi yanu yamawanga inaswa tiwiri. Denga la khitchini linagwa ndi mphepo, palibe amene walikonza. Ine ndinayesa kudzala nthanga za maungu m'kachitini pawindo, kuti mwina n'kulawako nkhwani. Zinamera timasamba tiwiri, n'kuchita chikasu, n'kufota. Dzuwa la kuno ndi lamanyazi kuposa ine.

Tsopano ndifike pa chimene ndakulemberani. Loweruka lapitali, pa mwambo wa chiliza chanu, munamva phokoso. Anthu onse analimva. Ndikufuna mudziwe kuti linali la chiyani, musamvere kwa ena.

Pa maliro anu ana anu tonse awiri panalibe. Ine ndinali wotopa, madokotala anakana kuti ndikwere ndege. Fatsani, mlongo wanga, uthenga unamupeza ali m'mayeso ku yunivesite, ndipo mmene amati asake ulendo n'kuti mutaikidwa kale. Choncho tinapangana kuti pa chiliza iyeyo adzapita kukaimira tonse, poti mapepala oyendera a mwanayu sanatuluke. Malume atafunsa tsiku, Fatsani anayankha yekha kuti, "Ikani mu Okutobala, malume. Mpira waukulu umakhala mu Malichi, nthawi imeneyo ndidzakhala ndilibe chondigwira."

Mpira umenewo mukuukumbukira. Ndi uja wa sukulu ya Fatsani ya ku Hillhead, konkuno ku Glasgow, ndi sukulu ina ya pakati pa tauni, umene amatsekera nawo masewero a chaka. Sukulu ziwirizi sizionana ndi diso labwino kuyambira kalekale. Timu ikhoza kugonja chaka chonse, koma ikapambana tsiku limenelo, zonse zaiwalika. Chaka chatha Fatsani anakutumizirani kanema, inu n'kuitana amayi anzanu kuti adzaone. Kenako munandiimbira mutakwiya, muli, "Bwanji mwana wanga yekha am'mana yunifomu? Anzake onse avala zofanana!" Ndinalephera kukufotokozerani kuti goloboyi amavala zakezake. Munaseka pambuyo pake, muli, "Mpira agwira, koma mbale za pakhomo pano ankagwetsa."

Chaka chino akuluakulu oyendetsa masewero a sukuluzi anasintha zinthu. Anagawa matimu m'magulu atsopano. A Fatsani anawaika ndi sukulu za kumpoto, za ku Dundee ndi ku Aberdeen, pamene anzawo a m'tauni aja anawaika gulu lina. Ndiye kuti sakumananso. Ana a sukulu atadandaula, anawapatsa masewero amodzi okha, koma osati kumapeto monga kale. Anawaika koyambirira, Loweruka, mu Okutobala. Loweruka lake lomwelo, Amayi. Anthu amene anakhala pa tebulo n'kusankha tsikulo sakudziwani, sadziwa ndi kumene kuli Dedza. Sindingawanene kuti analakwa. Koma mvula ikakuona litsiro sikata.

Tinayesa kupempha malume kuti asunthe mwambo. Anakana, ndipo sindikuwada. Amisiri anali atamaliza, abusa atavomera, abale a ku Ntcheu atauzidwa, chimera cha thobwa chitanyikidwa. Anati tikachedwa mvula itipeza, anthu akhala ali kumunda.

Fatsani amabwera kwathu kuno ku Govan Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Milungu inkapita, iye osatchula za ulendo. Ine ndinkangomuikira chakudya. Tsiku lina akusamba m'manja ndinangoti, "Fatsani, timu ili ndi anyamata ambiri. Amayi mwana wamwamuna ali naye mmodzi." Nditanena ndinamva ngati ndatukwana.

Anati, "Achemwali, goloboyi mnzanga anathyoka dzanja. Ine ndine kaputeni, ndipo chaka chino n'chomaliza. Ndikachoka aika ndani?" Iye anapukuta m'manja nthawi yaitali, manja ouma kale. Kenako anati, "Mukudziwa kuti ndikatuluka m'bwalo ndimayamba ndatulutsa foni kuti ndiwaimbire amayi? Ndikakumbuka, ndimangodziuza kuti kumudzi netiweki yavuta. Ndikakaona dzina lawo pa simenti paja, ndizidziuza chiyani?"

Mwina inu mukanamukoka khutu n'kumukweza ndege. Ine ndinangomuwonjezera ndiwo. Pochoka anaima pa masitepe n'kunena kuti, "Mubwere tsikulo. Mudzaime kumbuyo kwa golo langa. Ndisadzakhale ndekha."

Ndinapita. Mwana ndinasiyira bambo ake, ndinavala chitenje chanu chakuda chija pamwamba pa buluku, n'kukwera sitima ya pansi pa nthaka, kenako basi. Chibwerereni kuno sindinalowepo pa chigulu chotere. Ana a sukulu odzipaka utoto kumaso, ng'oma, malipenga, ena osavala malaya pa chisanu chimenecho. Ndinaima pakona, kumbuyo kwa ukonde, foni ili pakhutu. Tadala anali atalumikiza kuti ndizimva mwambo. Khutu lina ng'oma za ana a sukulu, khutu lina amayi a mpingo akuimba nyimbo ija munkaikonda popeta. Ndinayesa kutseka khutu linalo ndi chala.

Abusa anatalikitsa ulaliki monga mwa masiku onse. Chigawo choyamba cha mpira chinatha popanda womwetsa chigoli. Atasinthana mbali, ine ndinazungulira bwalo kutsatira Fatsani, osadziwa kuti kumeneko n'kumene kwadzaza ochemerera a m'tauni aja. Ndinapezeka ndili pakati pawo. Mtsikana wina anandipatsa malo kutsogolo, ndikuganiza anandimvera chisoni poona kufupika kwanga.

Ndiye ndinamva nyimbo yaleka. Ndinayang'ana pa foni, ndinaona akuvundukula nsalu. Chiliza chake n'chabwino, Amayi, chamatailosi oyera, dzina lanu analemba bwino osaphonya. Woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata. Anati, "Tiyambe ndi ana a malemu." Kunangoti zii. Ndinamva mbuzi ikulira chapatali, ndi mwana wa munthu akutsokomola. Anabwerezanso, "Ana a malemu." Pamenepo Tadala anaimirira, nkhata kudzanja lina, foni kudzanja lina. Ndinaona fumbi, mapazi a anthu, kenako nkhope ya malume. Anati, "Ana ali kutali, koma ali nafe pa foni. Esinati, lankhula ndi amayi ako." Anatenga foni ija n'kuigunditsa pa chinkuzamawu.

Ndinagwada. Sindikanalankhula nanu chiimire. Ndinagwada pa udzu wonyowa, pakati pa miyendo ya anthu, ndinatsegula pakamwa. Mawu osabwera. Manda onse akudikira ine. Fatsani akuti anamva anthu kumbuyo kwake akufunsana ngati ndadwala, ndiye anacheuka. Anandiona ndagwada, anadziwa kuti nthawi ija yakwana. Anangoti maso pa ine. Mpira unachokera kutali, wosavuta, woti tsiku lina akanaugwira ndi dzanja limodzi. Unamudutsa paphewa n'kugwedeza ukonde pamaso panga penipeni.

Limenelo ndilo phokoso munamva. Anthu onse ondizungulira analumpha, kukuwa, ng'oma, malipenga, malikhweru. Zonsezo zinalowa mu foni yanga n'kukatulukira pa chinkuzamawu, pamutu panu. Tadala akuti azimayi anagwira pakamwa, anyamata ena kumbuyo anaseka, abusa anayang'ana pansi. Malume anathimitsa foni. Madzulo ake mkamwini wanu anandionetsa kabatani kamene ndikanadina kuti za kuno zisamveke uko. Kakang'onong'ono, Amayi, kali pomwepo pansi pa chala changa. Sindinkakadziwa.

Chigoli chinali chomwecho mpaka woimbira anathetsa mpira. Anzake a Fatsani sanamunene, ena anamusisita pamsana, koma iye sanalowe nawo kosinthira zovala. Tinakwera sitima limodzi, iye ali ndi matope mpaka m'makutu, magolovesi ali pamiyendo. Titadutsa masiteshoni angapo anafunsa, "Achemwali, mwawauza chiyani?" Ndinati, "Palibe." Anaphimba nkhope ndi golovesi. Aka kanali koyamba kumuona akukulirani. Bambo wina wachikulire amene anakhala moyang'anana nafe anaganiza kuti ndi za mpira, anamuuza kuti asadandaule, chaka chamawa chiliko.

Malume anatumiza mawu pa foni tsiku lotsatira. Anati, "Ana inu, kulephera kubwera sikunakukwanireni? Mwavina pa manda a mlongo wanga." Ndawayankha kawiri, sanatsegule. Tadala akuti kuchigayo nkhani ndi yomweyo, akuti ana a ku Ulaya anaika chikondwerero pa chiliza cha mayi awo. Za anthu ndipirira. Chimene chikundisowetsa tulo n'choti mwina inunso munaganiza choncho. Amayi, sitinali ife. Amene ankakondwa ndi ena. Ife pa bwalo lonse lija tinali awiri, wina atagwada, wina ataima chilili m'golo, tonse tikuyang'ana kwa inu.

Musamukwiyire Fatsani. Munkati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine ndayesa kumukwiyira, zakanika. Dzulo anabwera ngakhale silinali Lamulungu. Sanadye. Ananyamula mwana n'kumayenda naye m'nyumba, uku ndi uku, akumuuza zinthu motsitsa mawu. Ndinamva akuti, "Amayi, pepani." Sindinafunse kuti akuuza uti. Kenako anatulutsa foni n'kundionetsa mndandanda wa masewero awo. Mu Malichi mulibe kanthu. Sabata imene chaka chilichonse inkakhala ya mpira waukulu yangokhala yoyera. Anati, "Tipite imeneyo, achemwali. Koma mudzandigwire dzanja pofika."

Ndiye lonjezo langa ndi limeneli. Mapepala a mwana akuti atuluka chaka chisanathe. Mu Malichi tikubwera, ine, Fatsani ndi mdzukulu wanu. Kudzakhala matope, chimanga chili m'munda, ndipo sipadzakhala abusa kapena chinkuzamawu. Tidzayamba kwa malume kukagwada, atikalipire mpaka akhute. Kenako tidzabwera kwa inu ndi khasu ndi tsache, tidzazule udzu umene udzakhale utamera.

Mawu amene anandikanika Loweruka sanali ambiri. Ndinawakonza sabata yonse, ndikuchapa, ndikuyamwitsa. Ndinkafuna kunena kuti, "Amayi, ndine Esinati. Fatsani ali pompano. Nyumba yanu yatsopano taiona, ndi yabwino. Gonani, mwatopa." Basi, anali omwewo. Ndawalemba pano kuti mukhale mukudziwa, koma ndidzawanenanso ndi pakamwa, nditagwada pa dothi lanu.

Mwana wadzuka, akundikoka chitenje. Mupereke moni kwa ababa ngati mwaonana.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Esinati

Ku Govan, Lachiwiri, 4 koloko madzulo. Magetsi a mumsewu ayaka, mvula ikadagwabe.