Mgonero pa Thebulo la Makina

Lolemba, 11 Januwale

Tsiku lachinayi ndili m'nyumba. Azaumoyo anati masabata awiri, osatuluka, osalandira mlendo. Mliri wandipeza ine telala, amene ndasokera masiki msewu wonse uno. Ndaseka ndekha, kenako chifuwa.

Thupi kutentha. Mutu ngati wobwereka. Sopo sakumveka fungo, tiyi ngati madzi otentha chabe. Aneba aika ndowa ya madzi ndi buledi pakhomo, agogoda kawiri, liwiro.

Masana ndinagona pampando wa makina. Kulota nsalu yoyera ikutuluka pansi pa singano osatha, kudutsa pawindo, kutsika mumsewu. Anthu akuyenda pamwamba pake opanda nsapato, mwakachetechete. Sindinachite mantha.

Lachitatu, 13 Januwale

Foni m'mawa. Mwana wa achemwali, woyamba uja, mphunzitsi. Zaka zisanu ndi zinayi osamva mawu ake. "Amayi aang'ono, amayi tawagoneka kuchipatala dzulo. Ali pa okosijeni." Ine ndinangoti pepa mwanawe, ngati akunena za munthu wa kumsika.

Ndilembe pano, poti palibe adzawerenge.

Amayi atamwalira ndinanyamula makina awo osokera awa osauza munthu. Achemwali ananditchula wakuba, abale onse akumva. Ine ndinabweza kuti iwo anawataya amayi, ankangothamangira za kwaya nkhalamba ikufa yokha. Bodza. Ankabwera Loweruka lililonse, kuwasambitsa, kuwawenga zikhadabo. Ndikulankhula muja ndinkadziwa kuti ndikunama.

Kuyambira pamenepo, tchalitchi chimodzi, iwo mabenchi a kumanzere, ine a kumanja. Tsiku la Mgonero, akulu ampingo akangoyamba kuvundukula thebulo, ine ndimanyamuka ngati ndikupita kuchimbudzi. Palibe anandiletsa. Kungoti mkate umodzi ndi munthu amene sindimupatsa moni, sungatsike pakhosi.

Lachinayi, 14 Januwale

Kutentha kwakwera. Denga likuyandikira, kenako n'kubwerera.

Tchalitchi chatsekedwa mwezi wachitatu uno. Chimene ndikuchisowa si ulaliki, si kwaya. Ndi kaphokoso ka timakapu tikamagundana m'thireyi. Ndinkakamvera panja, nditatsamira khoma, pafupi ndi mpopi wodontha uja.

Ndalotanso dzuwa lili pamutu. Tchalitchi chopanda denga, mabenchi akuyandama ngati pali madzi. M'timakapu munali kuwala, osati vinyo. Amayi akupinda nsalu ya pathebulo, wina atagwira mbali inayo. Nkhope sindinaione. Manja ndinawadziwa, a achemwali, ali ndi chipsera cha simbi pachala chachikulu.

Ndadzuka pilo atanyowa. Mapiritsi awiri. Theka la nthochi.

Lachisanu, 15 Januwale

Waimbanso mwana uja. Achemwali apempha Mgonero. Abusa saloledwa kulowa m'wodi, ndiye achita pafoni Lamulungu teni koloko, nesi wina wavomera kugwira foniyo. Ine kumamva ana ake akulimbirana chinachake kumbuyoko.

"Akuti ndikuuzeni mawu ake momwe anenera. Akuti, umuuze Kamwana akhalepo. Pafoni palibe chimbudzi chothawirako."

Kamwana. Zaka makumi asanu ndi ziwiri, imvi mbali zonse, mawondo olira pokwera sitepe. Palibenso wina padziko amene amanditchula choncho.

Ndiye ankandiona. Zaka zonsezi nkhope ili kuguwa, koma ankandiona ndikutuluka.

Ndinati netiweki ikuvuta.

Loweruka, 16 Januwale

Ndawaimbira abusa. Ndinayamba ndi nkhani ya vinyo, kuti ndilibe. Iwo anati chimene chili m'nyumba chikwana. Kenako ndinanena chenichenicho, kuti ine si woyenera. Anaseka pang'ono, mawu otopa, maliro atatu sabata ino yokha. "Mayi, woyenerayo ndikadzamupeza ndidzakuuzani. Zaka makumi atatu ndikumufunabe. Inu bwerani ndi njala yanu."

M'kabati: buledi wa dzana, wayamba kuuma. Juwisi wofiira wosungunula, wotsala pansi pa botolo. Kapu yagalasi imodzi yosang'aluka.

Thebulo lodyera ladzaza masiki osamaliza. Ndapukuta la makina. Ndasita chidutswa cha nsalu yoyera, chotsala pa malaya a sukulu a mwana wa eni, n'kuchipinda m'mphepete pamanja. Kusoka pang'ono, kupuma, kusoka.

Ndayeserera kupepesa. Ndimauza diresi la kasitomala lopachikidwa kuseri kwa chitseko. Kanayi konse. Diresi silinavute.

Lamulungu, 17 Januwale

Ndilembe ndisanaiwale kalikonse.

Ndinasamba, ndinavala za kutchalitchi, mpaka nsapato, m'nyumba mwanga momwe. Foni pansalu yoyera, pambali pa buledi. Teni koloko itadutsa pang'ono inalira. Abusa. Kenako nesi, mawu a mtsikana, akuti dikirani ndiwakweze pilo. Kenako phokoso la okosijeni, ngati mvula ikugwa kutali, kumalata a eni.

Ndi kupuma. Kupuma kwa achemwali, kokoka ngati munthu akukwera phiri ndi katundu.

Abusa anayamba pemphero. Ndinawadula. Chibadwire sindinadulepo m'busa. Zonse ndinauza diresi zija zinathawa, ndinangoti, achemwali, ndinanama, munkabwera.

Achemwali anayankha pakati pa mvula ija.

"Ndikudziwa kuti ndinkabwera." Kupuma. "Makinawo ndikanatani nawo ine? Batani lenilenilo sinditha kusoka." Kupuma. "Ndinkafuna undifunse basi. Nanenso pakamwa panga panaipa tsiku lija. Tiye tidye, Kamwana, ndatopa."

Abusa ananena mawu aja a mkate. Ndinanyema. Kuchipatalako nesi ananyema bisiketi, ndinamva kuthyoka kwake. Mkamwa mwanga simunamveke kanthu, ngati ndikutafuna thonje. Pa chikho chimodzimodzi. Koma nesi anali atawachotsa chakumaso cha okosijeni kwa kamphindi, ndipo ndinamva achemwali akumeza. Ine ndikumeza kuno, iwo akumeza uko, nthawi imodzi.

Sindidziwa ndilembe bwanji. Chipinda chinakula. Makoma anapita kutali, dzuwa la pawindo linafika pathebulo n'kukhala pamenepo ngati mlendo amene wapatsidwa mpando. Ndinamva kuti tilipo ambiri. Odwala a m'wodi muja, nesi, aneba kuseri kwa khoma, amayi. Ndi Mwini thebulo, osalankhula, osandiwerengera zaka zimene ndinajomba. Panalibe wondifunsa kumene ndinali.

Nesi anati basi, apume. Foni inaduka. Ndinakhala pomwepo mpaka mthunzi wa makina unafika pachitseko.

Lachitatu, 20 Januwale

Lolemba zinavuta kwa achemwali. Akuti anawagoneka chafufumimba, mpweya unatsika kwambiri. Dzulo chimodzimodzi. Lero mwana uja sanaimbe, ine ndikuopa kuimba.

Kwa ine kutentha kwatha. Miyendo ngati ya mwana wophunzira kuyenda.

Chodabwitsa, mtima uli phee. Kulira ndikulira, koma pansi pake pali poponda. Ndikapemphera sindikuchita kusaka mawu. Nthawi zina ndimangotchula dzina lawo, n'kukhala chete, ngati ndasiya mwana pakhomo pa munthu wodalirika.

Akapita, apita titadyera limodzi. Ndalemba zimenezi, ndaziyang'ana, sindinafufute.

Lolemba, 25 Januwale

Masiku anga anakwana Lachisanu, mphamvu ndazipeza lero. Ndatuluka mpaka pageti. Msewu wowala kwambiri, anthu ngati akuyenda m'madzi. Aneba anandiwona pawindo n'kukweza manja onse awiri.

Uthenga wa mwana uja: achemwali adya phala masipuni asanu, akalipira nesi kuti ndi lamadzimadzi.

Loweruka, 30 Januwale

Achemwali akutuluka m'chipatala lero. Kwa mwana wawo zipinda ziwiri, ana anayi, apongozi odwala shuga. Adokotala anati pafunika malo a phee ndi munthu wowayang'anira. Achemwali sanafunse n'komwe maganizo anga. Akuti, "Mukandisiye kwa Kamwana, anadwala kale ameneyo, ndipo ali nane ngongole ya Maloweruka."

Chiyambire m'mawa ndikukolopa. Bedi langa ndawapatsa iwo, ine matiresi pabalaza. Makatani ndachapa, ngakhale ndikudziwa kuti apezapo chonena. Mapilo atatu, akuti azigona chokhala. Beseni, thawulo latsopano, kachodulira zikhadabo.

Nyumba ino sanalowemo chiyambire. Sindikudziwa kuti tikakhala awiri tizikamba chiyani. Sindikudziwa ngati

Galimoto yaima pageti. Ndikuwaona pawindo, mpando wakumbuyo. Achepa, mutu wonse mbuu. Sakutsika. Mwana uja watsegula chitseko, wawapatsa dzanja, iwo akukana, akuloza nyumba.

Akudikira ine ndikawagwire mkono.