Njerwa za pa Sabata

Aphungu,

Ndimawerenga mayankho anu m'nyuzi imene amuna anga amabwera nayo kuchokera ku ofesi, koma sindinkadziwa kuti tsiku lina wolemba ndidzakhala ine. Mutu wanga waima. Ndine mayi wa ku Nyasaland, ndinatsata amuna anga kuno ku Kitwe nkhondo ija isanayambe. Iwo ndi kalaliki ku mgodi, ndiponso mkulu wa mpingo ku tchalitchi chathu. Mwana amene Mulungu anatisiyira ndi mmodzi, Esme, ndipo wangomaliza Sitandade 2 pa sukulu ya m'komboni mwathu.

Tsiku lotsekera sukulu makolo tonse anatiitana. Ana anaguba, anaimba, kenaka aphunzitsi aakulu anafotokoza mmene chaka chayendera. Anati ana achuluka, dimba la sukulu labala kabichi mpaka wogulitsa, ndipo atsikana amene kale ankathawira pakati pa chaka tsopano akufika kumapeto. Powerenga za mayeso, dzina loyamba linali la Esme. Ndinaiwala kuti ndine mkazi wa mkulu wa mpingo, ndinalulutira anthu onse akuona.

Chimwemwe changa sichinafike madzulo. Aphunzitsi aja anati: "Chaka chamawa tikufuna Sitandade 3, koma chipinda palibe. Akuluakulu atilonjeza malata ndi mphunzitsi, njerwa ndi zathu." Apampando a komiti ya makolo ndi a Wilfred, Mkatolika wa ku Fort Jameson amene amagwira pansi pa mgodi. Iwo anati tiziumba Lamulungu masana, poti ndilo tsiku lokha limene amuna onse amakhala pamtunda, ndipo banja losaoneka kudambo koumbira njerwako mwana wake alibe malo pa benchi. Anthu anawomba m'manja, inenso ndinawomba. Pocheuka ndinapeza bambo a Esme atapinda manja.

Titafika kunyumba anati: "Tsiku la Sabata ine sindigwira chikombole, mkazi wanganso sagwira." Aphungu, sikuti anayambira pa njerwa. Kwathu madzi a Lamulungu timatunga Loweruka, nsapato timapukuta Loweruka. Ndi mmene anatilerera tonse awiri.

Tsono Akatolika amapita ku Misa m'mawa, masana ali kudambo, akuponda dothi uku akuimba nyimbo za Chibemba. Alamba aliko, Alozi aliko. Amene kulibe ndife Anyasa, mabanja angapo a mpingo wathu. Philomena, mkazi wa a Wilfred, amene timapatsana moto ndi mchere chifikire, anandiuza pampopi kuti: "Bana Esme, musatinamize ndi Sabata. Akalaliki amaopa matope basi. Ise opusafe tiumbe, mwana wanu wanzeruyo adzangolowa?" Kuyambira pamenepo amandipatsa moni m'Chibemba chokhachokha, chonsecho Chinyanja amachidziwa ngati ine.

Ndinayesa kunena kuti tipeze munthu akatiumbire. Amuna anga anati lamulo la Sabata limatchulanso wantchito wako, a Wilfred nawo anati komiti ikufuna miyendo ya makolo. Ndinagwa pakati.

Tsopano bambo a Esme akuti mwana apite kumudzi kwa mlongo wawo, kuli sukulu ya mishoni pafupi. Alamu angawo ndimawadziwa. Ali ndi ana ang'onoang'ono, ndipo mtsikana aliyense amene anapita kwawo kukaphunzira anathera pobereka mwana kumbuyo. Esme amangondiyang'ana. Dzana anandifunsa chifukwa chake Yesu wa Philomena amalola njerwa pamene wathu amakana. Nanenso ndikamva akuimba kudambo miyendo imandiyabwa, kenaka ndimachita mantha kuti ndachimwa kale mumtima. Ndizembe ndikaumbe? Ndimvere amuna anga mwana apite? Wolakwa ndani, komiti kapena ife? Ndithandizeni, sindikufuna kutaya mwana wanga.

Z. M., Kitwe.

Mayi Z. M.,

Choyamba, nthungululu zija musachite nazo manyazi. Mwana akatsogola kalasi mayi amalulutira, kaya amuna ake ndi mkulu wa mpingo kaya ndi m'busa amene.

Mwasokonezeka chifukwa mwamanga milandu iwiri mtolo umodzi. Wina ndi wa Sabata, wina ndi wa matope. Wa Sabata usiyeni. Musayese kutsutsana ndi mkulu wa mpingo pa Malembo, akumizani ndi mavesi mpaka mupepese. Munthu amene amapukuta nsapato Loweruka sakunama, ndipo komiti inalakwa kusankha tsiku osafunsa mipingo yonse. Koma Philomena naye sanalankhule zamisala. Anthu amene amatuluka pansi ali bii ndi fumbi amaona amuna anu akudutsa ndi kolala yoyera chaka chonse. Tsiku limene mitundu yonse yavula nsapato, yekhayo wa kolala wapeza chifukwa, ngakhale chili chomveka. Inu mukanakhala iwo mukanaganiza bwanji? Walira mvula walira matope, mayi. Mukufuna Sitandade 3, dothi likukhudzeni.

Nanga akalaliki Loweruka saweruka masana, anzawo apansi akadali m'dzenje? Ndiye kuti amuna anu ali ndi theka la tsiku limene a Wilfred alibe. Auzeni amuna anuwo, atadya ndipo mtima uli pansi, kuti asonkhanitse Anyasa anzawo aziumba Loweruka masana, njerwa zawo aziyala pambali kuti aliyense aone. Nkhaniyi akaitule okha kunyumba kwa a Wilfred, akagogode, akakhale pampando umene awapatse. Asatumize kalata yotayipa. Akalaliki ndimawadziwa, zinthu zikavuta amathawira ku pepala, ndipo kalata yotero idzangotsimikiza zimene anthu akunena kale. Akafika kudambo apinde thalauza, alowe m'dothi pamalo pamene anthu amadutsa.

Inunso muli ndi masiku a pakati pa mlungu. Njerwa siithera pa chikombole. Imafuna wotembenuza, imafuna udzu wofunditsa kuti dzuwa lisaing'ambe, uvuni ukufuna nkhuni. Lolemba m'mawa tengani chikwakwa, dzerani kwa Philomena, muuzeni kuti mukupita kukamweta udzu wa njerwa ndipo simudziwa kumene kuli wabwino. Akakuyankhani m'Chibemba, yankhani m'Chibemba chanu chothyokacho. Akaseka, mlandu watha theka. Mukapitenso kwa aphunzitsi aakulu mukawafunse tsiku lolemba mayina a kalasi yatsopano, mukawauze zimene mabanja anu akonza. Mphunzitsi safuna kutaya mwana amene amamunyadira pamaso pa makolo, adzakulankhulirani ku komiti.

Esme muuzeni zoona: Yesu ndi mmodzi, koma makolo a Philomena ndi makolo anu anaphunzitsidwa ndi amishoni osiyana, ndipo aliyense akusunga tsikulo mmene anauzidwira. Mwana wotsogola kalasi amva. Miyendo kuyabwa pomva nyimbo sindikuonapo tchimo, mwangosowa anzanu.

Zozemba Lamulungu iwalani. M'komboni mulibe chinsinsi, isanakwane nthawi ya mapemphero a madzulo akulu a mpingo anzawo a amuna anu adzakhala atamva, ndipo mwamuna wochititsidwa manyazi pamaso pa mpingo adzamukweza mwanayo sitima mlungu womwewo kuti aonetse kuti nyumba ili ndi mwini.

Koma mukawauza amuna anu za Loweruka, iwo n'kupezanso chifukwa china chokanira, pamenepo dziwani kuti si Sabata, ndi matope. Musakangane nawo. Lemberani ankhoswe ndi amalume ake a Esme, muwauze kuti simunavomere kuti mwana achoke, ndipo musasoke diresi la ulendo iwo asanayankhe. Njerwa ikasweka amaumba ina, mayi. Mtsikana wa msinkhu umenewo akachoka pa benchi, ine sindinamuonepo atabwerera.

Aphungu.