Munakwatira ndi Dzina Langa

Kabwata, Lusaka
14 Ogasiti 2024

Okondedwa akulu anga ba Bwezani,

Muli shani kumeneko ku Ulaya? Ndikhulupirira kuti bondo lija linapola, ndiponso kuti alamu anga ba Abby ndi kamwana ali bwino. Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma kutchalitchi sajomba.

Chigoli chimene munamwetsera timu ya dziko anthu anachiona pa TV. Kabwata yonse inasokonekera, maminibasi kuliza mahutala mpaka ku Cairo Road, anthu akukuwa kuti Thandazani, Thandazani. Ine mwini wake wa dzinalo ndinali kumsika ndikuwotcherera geti la munthu, ndipo sindinadzutse mutu.

Mukukumbukira mmene zinayambira. Inu munali ndi zaka 20, ine 16, pamene kunabwera anthu osankha timu ya anyamata osapitirira zaka 17. Amalume Amock anati masewera a bola sayembekeza munthu. Anatenga kadi langa la kusikelo ndi kalata yanga ya ubatizo nakupatsani, regi, chitupa cha boma chija, inatuluka ndi nkhope yanu koma dzina langa. Ine anandigulira chipisi nandiuza kuti ndi mapepala chabe.

Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala wopanda regi. Giredi 12 ndinakhoza bwino kuposa inu, koma kukoleji sindinapondeko. Ngakhale nambala ya foni yangayi ili m'dzina la amayi. Sindinadandaule, poti ndinkati akulu anga akakwera tonse takwera. Kupusa kwanga!

Tsopano imvani zimene zandigwera.

Becky mukumudziwa, namwino uja wa ku Chelstone, mwana wa ba Mwape. Zonse za kwawo tinakwaniritsa, anatilandira ndi manja awiri. Mwezi watha tinapita kuparishi kwathu kukalembetsa ukwati, ine, Becky ndi bambo ake. Akatekisiti anatsegula buku la ubatizo, anapeza dzina langa. Anatembenuza bukulo kuti tonse tione. Pambali pa dzina langa panalembedwa kuti ndinakwatira Abby Kabwe m'chaka cha 2021.

Ukwati wanu uja ine ndinavina kutsogolo kwa mzere, thukuta kamukamu, osadziwa kuti Akatolika ukwati amakaulembanso m'buku la kumene munthu anabatizidwira. Inu munkadziwa?

Ba Mwape sanakalipe. Anangoimirira, natenga chipewa chawo, nati, "Mwana wanga sakhala mkazi wachiwiri wa munthu." Ndinawatsatira mpaka pa siteji ya basi ndikufotokoza. Anati nkhani ya m'buku la tchalitchi adzaimva kwa ansembe, osati kwa ine. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno, apo ayi ndimuiwale Becky.

Banja linakumana ku Woodlands, kunyumba ija munagulira amayi. Amalume anati nkhaniyi ndi yaing'ono, ndingotenga kalata yanu ya ubatizo, poti ya Bwezani ilibe cholembedwa chilichonse, ndikakwatirire kuparishi ina. Amayi analira. Anati zikaululika akuletsani kusewera, kalabu ikuthamangitsani, manyuzipepala atinyaza tonse. Anakamba za mwendo wanu, za mbiri yanu, za nyumba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti nanga Thandazani akumva bwanji.

Ndiulule, kalatayo ndinaitenga. Ndinayenda nayo m'thumba masiku atatu, ndikuyesezera kuyankha munthu akaitana kuti Bwezani. Ndiye ndinakamuonetsa Becky atatuluka kuntchito. Anaiwerenga, anaipinda, anandibwezera, nati, "Pa guwa ndikalumbira kwa ndani? Ine amene ndinamukonda ndi iwe." Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo.

Foni ndakuimbirani kambirimbiri. Amayankha ndi mzungu wanu uja wokuyendetserani za bola, kuti muli kokonzekera masewera. Sabata yatha kunafika phukusi, nsapato za bola ndi jezi yosainidwa. Mwasaina dzina langa n'kunditumizira ine ngati mphatso. Ba Bwezani, mumandiona ngati ndani?

Sindikudani. Ndikudziwa mmene munkathamangira m'fumbi opanda nsapato, ndipo luso ndi lanu, silinachokere papepala. Koma sukulu ndinakupatsani, unyamata wanga ndinakupatsani. Becky sindikupatsani.

Lamlungu pa 25, Misa yachiwiri ikatha, ndikukaonana ndi abambo mfumu. Ndikawauza zonse, kuyambira pa kadi la kusikelo. Ndikudziwa kuti nkhani ikalowa m'makutu atatu siibwereranso, ndipo amayi mwina sadzandilankhulanso. Chimene ndikupempha n'chimodzi: aimbireni ansembewo inu ndisanafike, kuti choonadi chituluke m'kamwa mwanu. Mukatero ndidzaima nanu pa chilichonse chimene chingabwere. Mukapanda kutero, ndipitabe.

Ambuye akusungeni, akutetezeni pabwalo ndi panjira. Kamwana mukapsompsone m'malo mwanga. Alamu anga muwapatse moni, ndipo muwauze dzina la mwamuna wawo asanalimve kwa anthu ena.

Ndine mng'ono wanu,
Thandazani Lukonde