Makabuleta a Ulendo wa ku Massawa

Asmara
9 Okutobala 2007

Okondedwa achimwene Asmerom,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bologna kumeneko pamodzi ndi alamu a Lemlem ndi zidzukulu zonse. Bondo lija lasiya kuvuta? Kuno tilipo ndithu. Mvula yatha, m'mawa kwayamba kuzizira, ndipo mlamu wanu Nigisti sakuleka kudandaula kuti ndimathamangira ku galaja khofi wake asanawire.

Ndiyambe ndi nkhani yokoma: galimoto yathu yalira. Zitsulo zonse zija munkatumiza m'mabokosi zalumikizana. Matayala awiri ali kutsogolo, limodzi kumbuyo, ndipo injini ya njinga yamoto ija yakhala poyera kumphuno, masilinda ake awiri atatambasuka ngati nyanga za ng'ombe. Ndaipaka penti yobiriwira monga munanenera, ngakhale ine ndinkafuna yofiira. Tsiku limene ndinailiza koyamba, nkhunda za padenga la tchalitchi zinabalalika zonse, ndipo mayi wogulitsa buledi pakona paja anabwera ali wefuwefu kudzafunsa chimene chaphulika.

Chatsala n'kusankha makabuleta, tizipangizo tija tosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo apa ndi pamene ndikufuna nzeru zanu. Pa benchi ndili ndi mitundu itatu. Pali a ku Italy aja anabwera ndi injini. Amenewa ukangoponda mafuta amayankha nthawi yomweyo, galimoto imachita kudumpha, koma ndi okalamba ngati ife ndipo la kumanzere limadontha petulo. Pali a ku Japan awiri amene ndinachotsa ku njinga ina yomwe inawombana ndi lole. Awa ndi ofatsa, amakoka mosalala, koma m'kati mwake muli kalabala kopyapyala, ndipo kakang'ambika simungakapeze m'Asmara monse muno. Lachitatu ndi limodzi lalikulu la m'galimoto yakale, loti lizidyetsa masilinda onse awiri.

Limeneli anabweretsa ndi Ogbai. Mukumukumbukira Ogbai, wowotcherera zitsulo ku msika wa Medeber, uja ankakuberani ndudu m'thumba la jekete? Tsitsi lonse linatha koma pakamwa mpomwe paja. Anafika atalikulunga m'nyuzipepala, n'kuliponya pa benchi.

"Manga ili, Zerai, nkhani ithe. Ndikuwotchererera paipi ya mphanda, kabuleta limodzi, mavuto palibe."

"Limenelo ndi la nkhalamba zopita ku maliro," ndinatero ine. "Galimoto iyi siyonyamulira mazira."

"Nanga ukusankha kabuleta kapena mkazi? Ine mkazi ndinasankha Lamulungu limodzi lokha."

"N'chifukwa chake anakuthawa."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anati, "Mkulu wako akanakhala pano akanasankha kalekale. Iwe ukungopukuta zitsulo ngati mwini wake abwera mawa."

Ndinangotenga sipanala n'kumamanga nati yomwe inali yomangika kale.

Vuto lenileni mukulidziwa inu. Kuno kumtunda mpweya ndi wopepuka. Kabuleta likamamwetsa petulo wambiri, mapulagi amada bii, utsi n'kumatuluka wakuda. Ndiye umaika majeti a timabowo ting'onoting'ono, injini n'kumayimba bwino. Koma ukayamba kutsika, kudutsa Nefasit, kudutsa Ghinda, kulowera kunyanja, mpweya umanka nulemera, petulo uja amachepa, injini imayamba kuphulikaphulika ndi kutentha. Okomera Asmara sakomera Massawa. A ku Italy angafune kuti munthu aime panjira asinthe majeti. A ku Japan amapirirako okha. Ndipo galimoto iyi tinaipangira Massawa. Munanena nokha chaka chija munabwera kudzaika bambo m'manda, titakhala pansi m'galajamu n'kumajambula ndi choko pa simenti. Munati, "Ikadzalira, tidzatsika awiriwiri, tikadye nsomba yootcha, tibwerere madzulo." Mpando woyendetsera tinauyeza ndi miyendo yanu italiitali ija, moti ine ndimachita kuika pilo kumsana kuti ndifikire buleki.

Mwezi wathawu ndinati ndiyese a ku Japan panjira yeniyeni. Nigisti anakana kuti ndipite ndekha. Anamanga mpango kumutu, n'kudzipanikiza m'kampando kaja akung'ung'udza kuti wakhala m'beseni lochapira. Tinatuluka m'tauni m'mawa, anthu akutikuwiza. Achimwene, mukanamva mmene inkalirira m'makhotemo! Mitambo inali kunsi kwathu m'chigwa, anyani atandanda pakhoma la msewu. Nigisti amene ankang'ung'udza uja ndinamumva akuseka ngati mtsikana, mpango ukuwuluka.

Tisanafike ku Nefasit anakuwa, "Zerai! Bulu!"

Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Galimoto inakhotera kukhoma, chitsulo chophimba tayala n'kukhula mwala. Nditatembenuza mutu ndi pamene ndinawaona: mayi wachikulire ndi bulu wake wosenza nkhuni, pambali pathu penipeni, pamene ndikanatambasula dzanja ndikanamugwira khutu. Palibe anavulala. Mayiwo anatitukwana ife ndi makolo athu, n'kumapita.

Ndinatsika n'kuyamba kuyang'ana tayala. Ndinauza Nigisti kuti mabuleki akufunika kukonza.

"Mabuleki alibe mlandu," anatero. "Buluyo anali pamsewu kuchokera pa khota paja. Simunamuone."

"Ndimamvetsera injini."

"Bambo ake a Senait, ndiyang'aneni. Dzulo munagunda chitseko cha kabati chili chotsegula. Sabata yatha ndinakupatsani kapu ya khofi kuchokera kumbali, inu osaiona mpaka ndinakugwirani paphewa. Mukuyesa ine ndilibe maso?"

Tinatembenukira pomwepo. Pobwerera ndinayendetsa pang'onopang'ono, iye akundiuza chilichonse cha m'mbali: apo pali mwala, apo pakubwera njinga, apo mbuzi. Titafika kunyumba anazula kiyi n'kukaiponya m'chitini cha tsabola wogaya. Mpaka lero ili momwemo.

Mwina mwadabwa kale kuti zilembo zanga zakula chonchi. Ndinapita kwa dokotala wa maso. Akuti madzi a m'maso mwanga akupanikiza mtsempha, ndipo zinayamba kale mwakachetechete. Panopa ndimaona ngati munthu wosuzumira m'paipi: cha patsogolo ndimachiona, cha m'mbali ayi. Anandipatsa mankhwala odontheza. Akuti amachedwetsa, koma chimene chinapita sichibwerera, ndipo paipiyo izinka nichepa. Ndinamufunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Anayamba kukonza mapepala a patebulo pake. Kenaka anati ndisadzagwirenso chiwongolero.

Musade nkhawa kwambiri, ntchito ndikugwirabe. Kabuleta amalikonza ndi khutu ndi zala, ndipo zimenezo zilipo. Nditha kulinganiza masilinda awiriwo nditatsinzina. Mwana wathu Senait amabwera Loweruka lililonse ndi ana ake kudzandidontheza mankhwala ngati kuti amayi ake sangathe. Ndinawaletsa onse kuti asakuuzeni pafoni, chifukwa pafoni paja timangofunsana za nyengo ndi mabondo, mawu n'kuduka. Nigisti anati ndikapanda kulemba ine, alemba yekha, ndipo mukudziwa kuti iye sazungulira.

Ogbai atamva anabwera ku galaja, n'kukhala pa chitini cha oyilo osanena nthabwala ngakhale imodzi. Zinandiopsa kuposa mawu a dokotala.

"Ndikutengera ine ku Massawa," anatero. "Lamulungu likubwerali. Iwe uzingokhala pambali ngati bwana."

"Iwe? Munthu woti ngakhale wilibala umagwa nayo m'ngalande?"

"Ndikunena zoona, Zerai."

"Ndikudziwa. Koma mpando uwo uli ndi mwini wake."

Anapukusa mutu. "Mwini wake wakhala akubwera chaka chamawa kuyambira ndili ndi tsitsi."

Ndinamukalipira, koma musanamuweruze Ogbai, achimwene, ndiloleni ndinene kamodzi kokha zimene sindinanenepo. Ine sindikuwerengerani mlandu. Ndikudziwa kuti poyamba inali ntchito ya kufakitale, kenaka sukulu ya ana, kenaka matenda a alamu, tsopano zidzukulu. Zonsezo n'zoona, ndipo mabokosi anu sanalephere kufika. Bokosi lililonse ndinkalitsegula pang'onopang'ono, n'kumanunkhiza nyuzipepala zimene munakulungira zitsulo. Koma munthu sungakhale naye pansi bokosi n'kumwa naye khofi. Nthawi zina ndikamamanga chinthu chofuna manja anayi, ndimapezeka ndanena kuti "gwirani apo," m'galaja muli ine ndekha.

Za makabuleta, kunena zoona, yankho ndikulidziwa. A ku Japan ndiwo angatsike phiri lija n'kukweranso popanda kuvutitsa. Ndinadziwa tsiku la bulu lomwelo tisanafike n'komwe pa khota paja. Koma ndinawamasulanso n'kuwabwezera pa benchi, chifukwa ndikawamanga galimoto yatha, ndipo ikatha sindidzakhalanso ndi choti ndizikufunsani. Komanso mtima wanga uli pa a ku Italy aja, ngakhale ndi ovuta. Ndimaganiza titaima pa Ghinda pansi pa mtengo, inu mutagwira tochi ndi kambale ka tizitsulo, ine ndikusintha majeti, tikukangana ngati kale kuti wataya kawashala ndani.

Choncho pempho langa ndi ili. Ngati mukugwirizana nane, mundigulire timalabala totsekera kudontha kuja ndi majeti okulirapo a kunyanja. Ndi tinthu tochepa, tokwana m'thumba la malaya. Musatitumize pa positi. Musapatsire munthu wobwera kuno. Ku Massawa kumayamba kuzizirirapo mu Disembala, ndipo mpaka Febuluwale munthu atha kukhala panja masana osapsa. Nyanja ndikufuna ndiione ikadali yotambalala, ngakhale ndichite kutembenuza mutu uku ndi uku kuti ndiimalize. Koma nyanjayo ikalephereka sindingalire kwambiri. Chithunzi chanu chomaliza chimene ndili nacho ndi cha pa ukwati wa mwana wanu, ndipo akuti tsopano imvi zadzaza mutu wonse. Ndikufuna ndizione ndekha imvizo, ndikusekeni bwinobwino, nthawi isanafike yoti ndizikudziwani ndi zala.

Ngati bondo silikulolani kuyendetsa, bwerani basi. Ogbai ayendetsa, ife awiri titsatira pa basi tikumunena.

Mundiperekere moni kwa alamu a Lemlem, muwauze kuti ndikubwerekani milungu yochepa chabe ndipo ndidzakubwezani muli onenepa. Moni kwa ana ndi kwa zidzukulu zimene sizinandionepo. Muziwauza kuti kuno kuli agogo awo ena. Senait ndi amuna ake akupereka moni. Ogbai akuti ndudu zanu adzabweza. Nigisti akuti chipinda cha bambo chija wachisesa kale, wayanika ndi mabulangete, ngakhale ndamuuza kuti simunayankhe. Akuti iye sakudikira yankho, akudikira munthu.

Mulungu akusungeni mpaka tionane. Ndalemba mawu amenewa ndikudziwa chimene ndikupempha.

Ndine mng'ono wanu,
Zerai