Opaleshoni ya mkodzo aikankhila kutsogolo

Lachinayi, Okutobala

Lelo ndanyansidwa, ndipo chondinyansa ndi thupi langa lomwe.

Ndinapita kuchipatala ku Petauke ndikuyembekeza kuti andiuza tsiku la opaleshoni, mkodzo wodonthawu uthe. Chibadwile Tisa, mwana wanga womaliza, sindingaseke kapena kunyamula ndowa osanyowa. Nesi anandigoneka pabedi, navala magolovesi, nandipima ndi zala.

"Finyani, amai, ngati mukugwila mkodzo."

Ndinafinya mpaka thukuta.

"Mwayamba?" anafunsa.

Ndinangotsala pang'ono kulila. A dokotala akuti minofu ya kunsi yafooka kwambili, ndipo opaleshoni imathandiza bwino minofuyo ikakhala ndi mphamvu. Ndiye ndiyambe ndaifinya tsiku lililonse, ndikabwelenso Khilisimasi ikapita.

Pobwelela, basi inagunda dzenje la mumsewu tisanafike ku Nyimba. Ndinamva kutentha kukutsika m'ntchafu, nsanza yonse imene ndimavala mkati yanyowa. Pambali panga panali mtsikana amene ndinamuphunzitsa giledi seveni. Anatsegula windo mwakachetechete, osandiyang'ana. Bola akanandiseka.

Kunyumba amuna anga, a Tembo, angoti, "Ndiye sanakung'ambeni? Mulungu ndi wabwino." Iwo sachapa nsanza zimenezi. Ndazichapa ndekha, ndayanika kuseli kwa bafa, koma fungo likadali m'manja ngakhale ndasamba ndi sopo.

Pano ndakhala pampando ndikufinya monga wanenela nesi uja. Palibe chikusuntha. Mailo, Lachisanu, kusukulu kuli asembule. Ndivala siketi yakuda, ndiimilile kufupi ndi chimbudzi. Koma sabata ino wotsogolela ana nyimbo ndine...